Kukonzanso nyimbo ya kagulu kochepa m'nyengo yachisanu: ndondomeko yomwe ndimatsata

Chisanu chikangoyamba, ophunzira ndi anzanga opeka nyimbo amabwera ndi funso limodzimodzi: nyimbo yanga yaimbidwa kamodzi, mtima sunakhutire nayo, ndiyambire pati kuikonza? Ndayankha pakamwa mpaka kusasa mawu, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa aziwerenga yekha.

Ndikunena nyimbo zomwe pa Chingerezi amati chamber music, za kagulu ka oimba ochepa, aliyense ndi mzere wakewake, popanda wotsogolera woima kutsogolo ndi kandodo. String quartet ndi mavayolini awiri, viyola ndi chelo. Piano trio ndi piyano, vayolini ndi chelo. M'gulu lalikulu la zida, pomwe wopeka analakwitsa pamatha kuphimbika. Pa anthu anayi palibe pobisala, noti iliyonse ili poyera. N'chifukwa chake nyimbo zoterezi zimafuna kubwereredwa, ndipo chisanu chimandiyenera pa ntchitoyi: usiku ndi wautali, mtima wofuna kuyendayenda umachepa, munthu amatha kukhala pa tsamba limodzi tsiku lathunthu.

Tigwirizane kaye pa mawu. Score ndi pepala lokhala ndi mizere ya zida zonse, wina pamwamba pa unzake. Part ndi pepala la woimba mmodzi, lokhala ndi mzere wake wokha. Bar ndi kachigawo kapakati pa timizere tiwiri toimirira, ndipo oimba amawerenga mabar kuti adziwe pomwe ali. Msoko ndi mawu anga: malo omwe mbali ziwiri za nyimbo zakumana mutadula za pakati pake, monga zimakhalira pa nsalu.

1. Iikeni pambali, ndipo sungani yakale.

Ngati nyimbo yaimbidwa sabata yathayi, musaikhudze. M'makutu mwanu mukadali manyazi a pomwe zinasokonekera ndi chimwemwe cha pomwe anthu anawomba m'manja, ndipo zonse ziwirizi zimakusokeretsani. Ine ndimadikira masabata 6 kapena kuposerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanasinthe noti ngakhale imodzi, koperani fayilo, ikani deti pa dzina lake, ndipo sindikizani score yakale papepala. Ndaona anthu ambiri akukonza pamwamba pa fayilo yokhayo yomwe ali nayo, mwezi utatha n'kuzindikira kuti mabar omwe anafufuta ndiwo anali ndi moyo.

2. Gawani tsiku, konzani chipinda.

Ntchitoyi imadya makutu, ndipo makutu amatopa msanga kuposa maso. Tsiku langa ndimaligawa patatu. M'mawa, maola awiri kapena atatu, ndi nthawi ya zigamulo zazikulu: chichoke n'chiyani, chitsale n'chiyani. Foni imatsala chipinda china. Masana ndimatuluka kukayenda dzuwa likadalipo, poti m'chisanu silichedwa kulowa, ndipo poyendapo ndimaimba nyimboyo chamumtima kuyambira pachiyambi. Pomwe ndaiwala chotsatira ndimasunga m'mutu, chifukwa kawirikawiri ndi pomwe nyimboyo yakhotera njira popanda chifukwa. Madzulo ndi a ntchito yosafuna kuganiza mozama, monga kuwongola zizindikiro, kuwerenga mabar ndi kusanja masamba. Musagamule zodula usiku. Munthu akatopa chilichonse chimamveka chachitali, ndipo m'mawa mumadzapeza mwatsadza nthambi yabwinobwino.

Zala zozizira zimanama. Mzere wosavuta umaoneka wovuta pa piyano manja akakongwa, ndiye atenthetseni kaye m'madzi ofunda. Chotenthetsera chipinda nacho chimaumitsa mpweya, ndipo matabwa a zida amafota mpweya ukauma. Piyano imatsika mawu, tizikhomo tomangira nsambo za vayolini timamasuka tokha, chida chimatha kung'aluka kumene. Chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti ndicho chimasunga bwino zida zamatabwa, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi n'koyenera kukhala nako. Piyano isayandikane ndi chotenthetsera. Ngati yasokonekera kale, itanani wochuna musanayambe ntchito, apo ayi mudzakhala mukusintha manoti osalakwa chifukwa choti akumveka owawasa pa chida chodwala.

3. Mverani kamodzi osaimitsa.

Tengani zomwe munajambula oimba akuimba, ngakhale zapafoni. Khalani pansi ndi score yosindikiza ndi pensulo, mvetserani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osabwereza, osaimitsa. Chongani kamtanda m'mbali paliponse pomwe maganizo anu athawira kwina, pomwe mwachita manyazi, kapena pomwe mwalakalaka kuti zifike msanga kumapeto. Musalembe mankhwala ake, kamtanda kokha. Mukayamba kulemba "pano ndiike viyola" mwasiya kumvera, mwayamba kupeka.

Chenjerani ndi mawu a kompyuta. Sibelius, Dorico ndi MuseScore ndi mapulogalamu abwino olembera, koma akamakuimbirani nyimbo yanu sapuma, satembenuza uta (kandodo kokwecha nako nsambo), sasowa chala, ndipo chida chilichonse chimamveka bwino ngakhale chitaphimbidwa ndi zinzake. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati nyimboyo sinaimbidwepo ndi anthu, iwerengeni chamumtima pa liwiro lake lenileni, wotchi ili pambali.

4. Siyanitsani vuto la oimba ndi vuto lanu.

Pa kamtanda kalikonse dzifunseni: oimbawa akanakhala ndi masiku ena atatu oyeserera, malo amenewa akanamveka bwino? Ngati yankho ndi eya, fufutani kamtandako. Ngati mukukayikira, vuto ndi lanu. Njira yachidule yodziwira zoona ndi kupempha mapart omwe oimba anagwiritsa ntchito. Zomwe analemba ndi pensulo ndi kalata yomwe sakanakuuzani pamaso. Pomwe asintha kayendetsedwe ka uta, pomwe azunguliza bar katatu, pomwe alemba dzina la chida china kuti asasochere polowa, pomwe afufuta chizindikiro chanu cha mawu otsika n'kulemba chokwererapo, ponsepo pali chomwe simunawapatse.

Mukamawafunsa, musati "mwaiona bwanji nyimboyi?" Ulemu udzawachititsa kunena kuti ndi yabwino. Funsani kuti, "Ndi pati pomwe dzanja limakana?" ndiponso, "Ndi pati pomwe mumangowerenga mabar kudikira kuti zithe?" Funso lachiwirili lifunseni makamaka kwa wa viyola ndi wa vayolini yachiwiri. Iwo amakhala m'kati mwa nyimbo ndipo amamva zonse.

5. Pezani pomwe vuto linayambira, dulani, kenako sokani.

Malangizo ambiri pano amangoti "chotsani zosafunika" n'kupitirira, osamuuza munthu mmene angazidziwire zosafunikazo, kapena chochita ndi bowo lotsalalo. Ndikhalitsapo, chifukwa masabata ambiri a chisanu changa amathera pomwepa.

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti pomwe mwachonga kamtanda sipomwe pali vuto. Munthu akagwa, pomwe wagwera ndi pena, pomwe anapunthwa ndi pena. Khutu limatopa pang'onopang'ono, ndipo likamadandaula ndiye kuti cholakwikacho chinachitika kale, mwina mphindi yathunthu m'mbuyo. Mu quartet ina yanga, pachimake pa gawo loyamba pankamveka pozizira. Ndinawonjezera manoti, ndinakweza mawu, ndinalembanso malowo kanayi, osathandiza. Tsiku lina ndikuyenda ndinazindikira kuti noti yokwera kwambiri ya pachimakepo ndinali nditaipereka kale kwa vayolini chakumayambiriro, kawiri konse, pamalo osafunikira. Pofika pachimake, khutu linali litaimva kale, panalibenso chodabwitsa. Ndinatsitsa mabar angapo akumayambiriro aja, pachimake osakhudzapo, ndipo panayaka.

Kuti muone zoterezi, jambulani mapu a nyimbo yonse pa pepala limodzi. Pa chigawo chilichonse lembani masekondi omwe chimatenga, kiyi yake (noti yomwe chigawocho chakhazikikapo ngati kwawo, pamodzi ndi manoti oyenda nayo), chida chomwe chikutsogolera, noti yokwera kwambiri, ndi pomwe mawu afika pokwera kapena potsika. Lembani masekondi, osati mabar, pakuti womvera sawerenga mabar, ndipo mabar 20 apang'onopang'ono amatha kutalika kuposa mabar 80 othamanga. Pepalalo likadzaza, matenda amaonekera okha. Zigawo zitatu zotsatizana zonse n'zotalika mofanana. Vayolini yoyamba yatsogolera kuyambira pachiyambi osapatsako mnzake. Mwabwerera ku kiyi yakwanu msanga, kotero pobwerera penipeni sipakumvekanso ngati kufika. Zida zonse zinayi zaimba limodzi mphindi zitatu popanda ngakhale chimodzi kukhala chete. Chomalizachi n'chofala zedi. Quartet imapuma mmodzi akakhala phee, ndipo wachinayi akalowanso, kulowa kwakeko kumakhala nkhani.

Tsopano yesani kudula musanadule. Phimbani chigawo chomwe mukuchikayikira ndi kapepala, imbani kuyambira mabar asanu ndi atatu chisanafike, dumphani, pitirirani. Chitani zimenezi masiku awiri otsatizana, m'mawa. Ngati simukuchisowa, chichoke. Ndipo dulani molimba mtima. Kuchotsa mabar awiri apa, atatu apo, kumangosiya nyimbo yotsimphina yomwe ikadali yaitali. Johannes Brahms, wopeka nyimbo wa ku Germany, anamaliza Piano Trio yake ya Op. 8 (Op. ndi nambala ya nyimbo pa mndandanda wa zomwe wopeka anasindikiza) mu 1854 ali ndi zaka 20, ndipo anaibwereranso mu 1889. Sanangopala pamwamba. Anafupikitsa nyimboyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, anachotsa mitu yachiwiri m'magawo atatu mwa anayi a nyimboyo n'kupeka ina, koma gawo lothamanga lotchedwa scherzo analisiya pafupifupi mmene linalili. Zonse ziwiri zilipo, yakale ndi yatsopano, ndipo kuziika pambali n'kuziyerekeza ndi phunziro lomwe ndimapatsa wophunzira aliyense. Onani zomwe anachotsa, komanso onani zomwe anakana kukhudza.

Mukadula, ntchito yeniyeni yayamba, poti walira mvula walira matope. Msoko uyenera kuunikidwa kuchokera mbali zingapo, ndipo musadumphe ngakhale imodzi. Yambani ndi mzere wapansi, wa chelo kapena dzanja lamanzere la piyano: uimbeni wokha kudutsa pamsoko, mumve ngati ukuyenda ngati munthu wodziwa kopita. Ukadumpha mosayembekezereka, womvera amamva chipsera ngakhale sadziwa dzina lake. Kenako kiyi. Chigawo chomwe mwachotsa mwina ndicho chinkanyamula khutu kuchoka pa kiyi ina kupita pa ina, ndipo tsopano pakufunika kamlatho ka bar imodzi kapena awiri, kapena kusamutsa chigawo chonse chotsatira. Kenako thupi la woimba aliyense: wa vayolini anali pamwamba penipeni pa nsambo ya E, bar yotsatira mukumufuna pansi pa nsambo ya G popanda mpata, kodi dzanja lifika? Anali kudodola nsambo ndi chala, tsopano akufunika uta nthawi yomweyo, kodi mwamupatsa kamphindi kougwira bwino? Wa chitoliro apumira pati, popeza mpata wake wopumira unali m'mabar omwe mwataya? Kenako utali wa ziganizo za nyimbo. Ngati khutu linazolowera magulu a mabar anayianayi ndipo pamsoko patsala atatu, zikhale kuti mwafuna dala.

Chomwe ambiri amaiwala ndi ngongole. Nyimbo imalonjeza ndipo imabweza. Kamutu komwe mwachotsa kumayambiriro mwina kamabweranso chakumapeto, ndipo tsopano kadzafika ngati mlendo yemwe palibe anamuitana. Kapena mwadula kumapeto, n'kusiya lonjezo la kumayambiriro losakwaniritsidwa. Mukadula chilichonse, fufuzani m'nyimbo yonse, magawo ena omwe, paliponse pomwe kanthuko kamatulukiranso, ndipo gamulani chimodzichimodzi: kachoke, kasinthe, kapena kapatsidwe poyambira pena.

Pali nthawi zina pomwe mpeni si mankhwala. Manoti amakhala olondola koma zida n'zolakwika. Nyimbo ya Brahms ya mu F minor, Op. 34, inayamba mu 1862 ngati ya zida zisanu zansambo. Atamva maganizo a mnzake woimba vayolini, Joseph Joachim, anaisandutsa ya mapiyano awiri, ndipo woimba piyano Clara Schumann atanenapo zake, inadzakhazikika mu 1864 ngati ya piyano ndi zida zinayi zansambo. Nthawi zinanso chomwe mukuchotsa n'chabwino, kungoti chakula kuposa nyumba yake. Ludwig van Beethoven, wosindikiza wake atamupempha, anapeka mathero atsopano a quartet ya Op. 130 chakumapeto kwa 1826, ndipo mathero oyamba aja, Grosse Fuge, anasindikizidwa paokha ngati Op. 133. Choncho zodulidwa musazitaye. Ine ndili ndi kope lake lapadera, ndipo kudziwa kuti kopelo lilipo n'komwe kumandilimbitsa dzanja podula.

6. Imbani mzere uliwonse wokha.

Maonekedwe a nyimbo yonse akakhazikika, tengani chida chimodzi patsiku, muimbe mzere wake ndi pakamwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati mzere wa viyola ukukugwetsani ulesi, ndiye kuti woimba wake adzauimba mwaulesi, ndipo zidzamveka. Mupatseni kanthu konena, ngakhale mabar anayi.

Pomwepa unikani zotheka ndi zosatheka. Vayolini sitsika kupyola G ya nsambo yake yapansi, viyola imathera pa C, chelo pa C ina yapansi pake. Manoti awiri oimbidwa nthawi imodzi ayenera kugwera pa nsambo ziwiri zoyandikana. A ndi B apansi penipeni pa vayolini onse amapezeka pa nsambo ya G yokha, ndiye sangamveke limodzi, ngakhale kompyuta iwaimbe mokoma chotani. Chitoliro chili ndi mawu ofooka kumunsi kwake ndipo chimaphimbika msanga, pomwe oboe, chida china chouzira, kumunsi kwake imavuta kuimba motsitsa. Mu piano trio, dzanja lamanzere la piyano likadzaza manoti pamalo omwewo pomwe chelo ikuimba, cheloyo imamira. Musangolembera wa chelo kuti akweze mawu. Pungulani manoti a piyano kapena asamutsireni pena.

7. Wongolani zizindikiro.

Chida chilichonse chikalowa pambuyo pa kupuma, chikhale ndi chizindikiro chosonyeza kukwera kapena kutsika kwa mawu. Chizindikiro chokweza mawu pang'onopang'ono chinene pomwe chikuthera. Nambala ya liwiro ifanane ndi mmene oimba enieni anaimbira pomwe zinamveka bwino, osati mmene kompyuta inkathamangira. Zizindikiro zochuluka pa noti iliyonse zimamanga manja a oimba. Chotsani zomwe woimba wabwino angachite yekha.

8. Konzaninso mapart, ndipo awerengeni papepala.

Ntchitoyi ndi yamadzulo, yotopetsa, koma nyimbo zambiri zokonzedwa bwino zimagwera pano. Mukadula mabar, manambala onse amasuntha, masamba amasanjika mwatsopano, ndipo potembenuzira tsamba pamatha kugwera pakati pa mzere wothamanga. Woimba manja onse awiri ali pa chida, ndiye potembenuzira pakhale mabar opuma, ngakhale zitanthauze kusiya theka la tsamba lopanda kanthu. Pambuyo pa kupuma kwakutali, mulembereni ndi timanoti ting'onoting'ono zomwe mnzake akuimba, kuti adziwe polowera. Zilembo zoyambira poyeserera, A, B, C, zikhale pamalo amodzimodzi mu score ndi m'mapart onse. Werengani mabar a part iliyonse ndi chala, mutsimikize kuti chiwerengero chikufanana.

Samalani ndi zida zomwe zimalembedwa mosiyana ndi mmene zimamvekera. Pa zida zouzira, clarinet ya B-flat imamveka sitepe imodzi yathunthu pansi pa zolembedwa, horn ya F imamveka masitepe atatu ndi theka pansi. Pulogalamu imachita izi yokha, koma mukakopera mzere kuchoka ku chida china kapena kusintha kiyi pamsoko, zolakwika zimalowa mwakachetechete. Viyola nayo ili ndi clef yake ya alto (chizindikiro cha kumayambiriro kwa mzere chosonyeza mmene manoti awerengedwere), ndipo part yake iwerengeni kawiri.

9. Itanani oimba, mumvenso.

Musadikire tsiku loimba pagulu. Pemphani ola limodzi loti angowerenga nyimbo yokonzedwayo. Fikani msanga mutenthetse chipinda, chifukwa zida zouzira zikazizira zimatsika mawu, ndipo oboe kapena clarinet yamtengo ikhoza kung'aluka mpweya wotentha ukalowa m'chida chozizira. Apatseni oimba mphindi zoti zida ndi zala zifunde, ndipo zomwe mwamva m'mphindi zoyambirirazo musaweruzire nazo nyimbo.

Musawauze pomwe pali misoko. Aimbe gawo lonse, inu mukhale chakutali ndi score, kenako afunseni ngati pali pomwe anamva kuti china chake chasowa. Akaloza pamsoko penipeni, bwererani ku sitepe 5. Akaloza pena, kapena akapanda kuloza paliponse, msokowo wagwira. Zosintha zazing'ono zomwe zatuluka tsikulo zilembeni pa pepala limodzi ndi manambala a mabar, muzilowetse mu fayilo m'mawa mwake zisanaiwalike. Kenako lembani deti latsopano pa tsamba loyamba la score ndi la part iliyonse, ndipo tolerani mapart akale onse m'manja mwa oimba, kuti pasadzapezeke mmodzi akuimba nyimbo yakale anzake atatu ali pa yatsopano.